Mfumu ya Mayi Telala Isowa Kolowera

Mayi Telala, gogo wa adzukulu asanu ndi awiri, onse anzeru ngati iwo, anaphunzira tchesi atakalamba kale, maso atayamba kukana kulowetsa ulusi pasingano. Anawaphunzitsa ndi mkamwini wawo, wokonza mafoni, munthu woti akayamba kuganiza tiyi amazizira kawiri.

Kasewero kawo kanali kamodzi basi, kuthamangitsa. Tizidutswa tating'ono ta kutsogolo tija ankatitcha "ana anga", ndipo wodya mwana wawo ankamulondola ndi mfumukazi mpaka kumapeto kwa bolodi, kwawo kukupsa. Aphunzitsi ndi makondakitala amene anakalipirako mdzukulu wa gogoyu amakadziwa bwino kasewero kameneka.

Chovuta chinali masitepe. Ankakhala pamwamba pa sitolo ya nsapato, masitepe makumi awiri ndi atatu, ndipo mawondo anali atatopa nawo. Mwana wawo wamkazi anawachonderera chaka chathunthu kuti asamukire kwa iye. Tsiku lina pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Amuna akowo akandigonjetsa Loweruka, ndisamuka. Ndikawagonjetsa ine, nkhaniyi ithere pomwepo."

Loweruka masana anayala bolodi patebulo lodulirapo nsalu. Gogo anatulutsa mfumukazi nthawi yomweyo, nadya ana awiri ndi kavalo.

"Akamwini, mwabwera kudzasewera kapena kudzandizonda matenda?"

"Ndikungokonza pakhomo, amayi," anayankha mkamwini, akusuntha kamwana kamodzi pang'ono.

"Pakhomo pake pati? Anthu akutha kumeneko."

Mkamwini anangomwetulira. Ankaika ichi apa, icho apo, ngati munthu wosanja mipando. Kenaka anadya mwana mmodzi wa m'mphepete, woti analibe ndi ntchito yomwe. Gogo magazi anawira. Mfumukazi inanyamuka kukabwezera, inadya wolakwayo, n'kupezeka yatsekeredwa pakona, kuseri kwa ana a mkamwini. Pobweza maso kwawo gogo anapeza mfumu yawo ili yokhayokha, tizidutswa ta mkamwini titaizinga, uku bishopu, uku nsanja.

"Amayi, mfumu ilibe kolowera."

"Ndaona. Musandiwerengere ngati kalata."

Anayang'ana m'chipindamo. Makina osokera anapita kwa mkamwini mwezi watha, ati kukathira mafuta. Wailesi inapita kukakonzedwa, chonsecho inkalankhula bwinobwino. Mpando wabwino uja anaubwereka tsiku limene kunabwera alendo. Kani masewerawa anayamba kalekale, iwo ali kalikiliki kudya akavalo.

Gogo anatembenukira kwa mkamwini.

"Chipinda chakecho chili ndi zenera?"

"Awiri, amayi. Makatani tadikira kuti mudzasoke nokha."

"Mwachita bwino. Mkazi wanuyo ndi mwana wanga, koma mzere wowongoka sautha."

Anadzuka mogwira tebulo n'kuyamba kukulunga makapu m'nyuzipepala.

"Adzukulu anga mukawauze kuti ndasamuka chifukwa cha mawondo. Za bolodizi ndikazimva pakamwa pa mwana, ndikubwerera kuno, ngakhale chokwawa."