Tiana ta Nsomba pa Msewu wa ku Majaua

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi. Titatuluka m'mapemphero, a Fulansisko, amene anali ndi madamu a nsomba kunja kwa tauni ya Milange, anafunsa ngati panali mtsikana wosaopa matope. Amayi anandigunda ndi chigongono, ndipo m'mawa mwake ndinali m'madzi olekeza m'chiuno.

A Fulansisko anandiphunzitsa kuthira manyowa a nkhuku m'kakhola ka nsungwi pakona ya damu mpaka madzi abiriwire, kuwaza madeya pamalo amodzimodzi, ndi kukoka khoka la maso ang'onoang'ono pogwira tiana ta makumba. Tianato tinkatigulitsa kwa alimi amene ankangoyamba kumene kuweta nsomba.

Tsiku lina m'nyengo yotentha anandituma ndekha ku Majaua ndi zigubu za tiana ta gulu la amayi a kumeneko. "Ukaona tikuyasama pamwamba, ndiye kuti mpweya watha," anatero. "Uthiremo madzi a mumtsinje, osati a pamjigo."

Chapa, minibasi imene ndinakwera, inafera pachitunda dzuwa lili paliwombo. Nditatsegula chigubu ndinapeza timilomo tonse tili pamwamba. Mayi wina wogulitsa nyemba, amene tinakwera naye, anasuzumira.

"Mwanawe, kwagwanji?"

"Nsomba za eni zikufa, amayi."

Anamasula kapulana, chitenje chake chapamwamba, n'kuitana anzake, ndipo anatambasula nsalu zawo ngati denga pamwamba pa zigubu. Kondakitala anasiya sipanala n'kuthamangira kukhwawa ndi chidebe. Ine ndinkachotsa madzi otentha n'kumathira atsopano pang'onopang'ono. Mdala wina wa jekete anapempha kapu yanga, n'kumatunga madzi m'chigubu ndi kuwagwetsa kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, uku akuimba nyimbo ya Chilomwe. Amayi aja anayamba kuvomera. Nyimboyo isanathe, tiana tinatsikira pansi n'kuyamba kusambira.

"Tadzuka," anatero mdalayo, ndipo tonse tinaseka.

Chapa itakonzedwa, tinafika ku Majaua dzuwa litapendeka. Ndinayandamitsa zigubu m'damu la gulu lija kuti madzi afanane kuzizira, kenako ndinazipendeketsa, tiana n'kutuluka tokha. Takufa tinali tochepa kwambiri. Mayi wa nyemba anatsika nane kuti aone, ngakhale kwawo kunali kutsogolo. Chaka chotsatira anakumba damu lake, ndipo mbewu ya nsomba ndinakamupatsa ndine.

Lero madamu achuluka m'dera lathu, nanenso ndili ndi anga. Ndikakwera galimoto ndi zigubu, ndimauza anzanga apaulendo zimene ndanyamula tisananyamuke. Vuto likadza, sindikhala nalo chete.