Khoko la Nachesi Lisaduke

Kwathu kumtunda kwa Neno aliyense amadziwa kuti ndine wa mtima wapachala. Sindikana. Munthu akandiyankha mokhota, makutu amayamba kutentha, kenako mawu amangotuluka okha ndisanawalole. Kusekondale aphunzitsi ankati ndili ndi mutu wabwino koma pakamwa popanda chitseko. Imvi zabwera, chitsekocho sichinabwerebe.

Chimene chinandiopsa si anthu ayi, koma kansalu kaja amakukulunga pamkono kuchipatala. Anamwino atandiyeza anati magazi anga akuthamanga kwambiri. Anandipatsa mankhwala n'kunena kuti, "Bambo, mukapsa mtima muzikoka mpweya pang'onopang'ono, uku mukuwerenga chamumtima."

"Amayi," ndinatero, "ine ndikapsa mtima ndimaiwala ndi dzina langa lomwe. Ndiye ndiwerenga bwanji?"

Anaseka. Anati ndipeze njira yangayanga, bola mankhwala ndisasiye.

Njirayo anandipezera ndi akazi anga. Pakhomo pathu pali mitengo ya manachesi, ndipo nyengo yozizira ikafika amathyola n'kukagulitsa pa Boma. Tsiku lina mbuzi za aneba zinalowa m'dimba langa la kachewere. Ndinali nditanyamuka kale, nsapato imodzi kuphazi, mawu atadzaza m'kamwa. Mayiwa anandiimira pakhomo n'kundiika nachesi m'manja.

"Pitani mukawakalipire, sindikukuletsani. Koma yambani mwasenda ili. Khoko lituluke lonse lathunthu. Likaduka, mutenge lina."

"Kodi mukundiyesa mwana?"

"Mwana amatha. Tione inu."

Mawu amenewo ndiwo anandikola. Loyamba linaduka. Lachiwiri ndinaliboola ndi chala, madzi n'kundithira m'maso. Lachitatu ndinakhala pansi, chifukwa khoko la nachesi silifuna munthu wonjenjemera. Umalizungulira pang'onopang'ono ndi chala chachikulu, maso ali pompo, kafungo kake kakukulowa m'mphuno. Litatuluka lathunthu ndinalikweza m'mwamba ngati ndapha njoka. Apo n'kuti mpweya utatsika, makutu atazizira. Kwa anebawo ndinapitadi, koma ndinakayankhula ngati munthu, ndipo madzulo ake anabwera ndi mitengo kudzandithandiza kutseka mpanda.

Kuyambira pamenepo m'thumba la jekete langa simusowa nachesi. Ndinayambanso kusiya foni kunyumba popita kudimba m'mawa, chifukwa gulu la abale la pafoni paja ndi limene limandiwiritsa dzuwa lisanatuluke. Koma anthu sanadziwe kuti ndasintha. Mbiri ya munthu imachedwa kumva.

Ndiye kunabwera nkhani ya mwana wa mlongo wanga. Mtsikanayu ine ndine malume wake, mwini mbumba, komanso nkhoswe ya ukwati wake. Anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Lisungwi, kalipentala, amene anadzakhala chikamwini pamudzi pathu. Koma kumapiri kuno ntchito ya mipando ndi yochepa, ndipo mnyamatayo anayamba kukhalitsa kwawo, kubwera mwa apo ndi apo. Mtsikana anali woyembekezera, ndipo anayamba kuonda ndi maganizo. Onse awiri ankafuna chinthu chimodzi: kuti akuchimuna adzapemphe chitengwa, mkazi akakhale kwa mwamuna wake. Zokambirana zikanasokonekera, banja likanatsala lapakatikati, mwamuna kumunsi mkazi kumtunda, mpaka litazizira lokha.

Achemwali anga, mayi ake a mtsikanayo, anandiuza poyera. "Achimwene, tsiku limenelo mupite kudimba. Akayankhule ndi mng'ono wanu. Inu mukatipitikitsira alendo."

Makutu anayamba. Ndinapisa dzanja m'thumba.

Ndili mkati mosenda, mtsikana uja anagwada pambali panga. "Amalume, ine ndikufuna inuyo. Amalume aang'ono amangovomera zilizonse. Inu mukanena kuti andisamale, akamva. Koma chonde, musakakuwe."

Ndinamugawira theka la nachesi lija. Sindinalonjeze ndi pakamwa, poti pakamwa panga ndi pomwe pali vuto.

Alendo anafika Loweruka m'mawa, kuli chiperoni, atavala zopyapyala ngati anthu a kotentha. Nkhoswe yakuchimuna inali bambo wina wamtali, wamutu wonyezimira, woyankhula mokoka mawu ngati akuyamwa nzimbe. Tisanamalize ndi malonje omwe, anayamba.

"Ankhoswe anzanga, msewu wanuwu. Tafika ndi chisomo. Njinga yamoto inachita kutipempha kuti tiyibereke."

Anthu anaseka. Ine ndinatulutsa nachesi loyamba. Za msewu amanena zoona, koma msewu wathu timaunyoza tokha, osati mlendo.

"Ndiye kuzizira kwakeku," anapitiriza. "Mwana wathu anabwera kuno ali wonenepa. Pano akungooneka ngati thabwa lomwe amapala."

Khoko linaduka. Akazi anga, amene anakhala pamkeka kumbali ya amayi, anakhosomola. Ndinatenga lachiwiri. Pabwalo aliyense ankadikira kuti ndiphulike. Mng'ono wanga anali atasendeza kale mpando wake kutali ndi ine. Ndinalizungulira bwinobwino, khoko n'kutuluka lonse. Ndiyeno ndinapezeka pavuto limene sindinaliganizire: kunyumba ndimadya ndekha, koma pamaso pa alendo munthu sungatafune wekha anzako akukuyang'ana. Ndinalibe kuchitira mwina. Ndinalinyema pakati n'kumupatsira wondinyoza yemweyo, ndi manja awiri.

Analandira. Anaponya kagawo m'kamwa, n'kutseka maso. Kwa kanthawi pakamwa pake panali pa ntchito ina.

"Awa ndi a pakhomo pano?"

"A mtengo uwo mwautsamirawo. Amakonda kuzizira komwe mukukunyozako."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndipo poti m'kamwa mwanga munali mutazizira, ndinanena zanga zonse mosakweza mawu. Ndinati mwana sitikumukaniza. Ndinati koma si mbuzi yoti yagulidwa: munda wake kuno ukhalabe wake, pamaliro ndi paukwati azibwera osachita kupempha ngati wandende, ndipo akadzachira, mayi ake apite akamuthandize. Ndinati tsiku limene ndidzamve kuti walira chifukwa cha dzanja la munthu, ndidzatsika phirili wapansi, ndipo tsiku limenelo m'thumba simudzakhala nachesi.

Bambo uja anagwedeza mutu. "Zamveka, ndipo ndi zoona zokhazokha." Nkhani inali itatha bwino. Koma munthu wozolowera kuseleula sadziwa poimira. Popukuta manja anawonjezera kuti, "Kwathu tikamuphunzitsanso kuphika nsomba. Paja amayi a kumapiri amangodziwa kachewere basi."

Amene anadzuka si ine ayi. Anali achemwali anga, omwe aja ankati ndipite kudimba. Anamanga chitenje m'chiuno, chala chili m'mwamba.

"Inu bambo inu! Mwana wanga ndinamulera ndekha, ndipo dzanja lake…"

Ndinapisa m'thumba, n'kupeza latsala limodzi. Ndinanyamuka mwaulemu wonse, n'kuwaika m'manja.

"Achemwali, yambani mwasenda ili. Khoko lisaduke."

Akazi anga ndiwo anayamba kuseka, mpaka kugona chammbali pamkeka. Kenako bwalo lonse. Achemwali anandiyang'ana ngati andimeza, anayang'ana nachesi, n'kukhala pansi akuseka misozi ili mbwembwembwe. Khoko lawo linaduka zidutswazidutswa, sindinawapatse lina. Bambo wa ku Lisungwi anaomba m'manja n'kupepesa, nati naye akazi ake amamuuza kuti lilime lake lidzamupha. Anapempha manachesi oti anyamule. Tinamudzazira thumba, njinga yamoto ija n'kubwerera itaberekadi katundu.

Mtsikana anapita chitengwa mwezi womwewo. Anachira mwana wamkazi wonenepa, wolira mokweza moti onse akuti watengera ine.

Musaganize kuti ndinasanduka m'busa. Ndimakalipabe, makamaka minibasi ikaima pa Boma dalaivala n'kumati tinyamuka pompano dzuwa likupendeka. Manachesi akatha nyengo yake ndimayenda ndi mtedza wosaswa, ngakhale suthandiza mofanana poti umasweka msanga. Mankhwala ndikumwabe, ndipo ulendo wapitawu anamwino aja atandiyeza anandifunsa ngati ndinaphunzira kuwerenga chamumtima. Ndinawaikira nachesi patebulo.

Ku Lisungwi ndinapitako kukaona khandalo. Kutentha kwake, munthu umachita thukuta uli chikhalire. Ndinawauza ankhoswe anzanga aja kuti kwawoko nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Anatsegula pakamwa kuti andibwezere, kenako anaima, n'kuyamba kufufuza m'matumba mwawo. Munalibe kanthu. Mtsikana wathu, mwana ali kumsana, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya manachesi amene ndinabwera nawo, naiika pakati pathu.

"Yambani mwasenda, nonse awiri," anatero. "Ine ndikukazinga nsomba."