Kagalu Kamene Kanakwera Ndege

Kuseri kwa khitchini ya amayi ku Chintheche kunkakhala kabokosi kotuwa ka pulasitiki, ka chitseko cha waya. Nkhuku zathu zinaikiramo mazira zaka zambiri, moti ana onse obadwa pambuyo panga ankangodziwa kuti ndi chisa cha nkhuku basi. Pambali pake panali chipepala chomata cha ku bwalo la ndege, chimene mvula inachifufuta mpaka kutsala kamuvi kokha koloza kumwamba. Ine kabokosiko ndinkadana nako. Akandituma kukatola mazira, ndinkapisamo dzanja nditayang'ana kumbali.

Kanabwera ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene kwathu timati asibweni. Iwo anapita ku Joni ine ndisanabadwe, ndipo anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuphikira banja lina la azungu. Ngakhale pamaliro a agogo, mayi awo owabereka, sanabwere. Anangotumiza kalata. Ndiye itafika kalata ina, patapita zaka zingapo chiyambire matipate, yonena kuti akubwera kudzakhaliratu kumudzi, komanso kuti abwera pa ndege osati pa basi ngati anzawo, pakhomo pathu panalibenso wokhala pansi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ukaponda mchenga wopanda nsapato umavina wekha. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ife Atonga tisanamizane, timakonda kutchena, ndipo munthu wochokera ku Joni timayamba tawerenga masutikesi ake tisanamufunse za ulendo. Amayi anazira nyumba kawiri, anaviika chinangwa chambiri mpaka fungo lake linamveka kumsewu, anapempha asodzi kuti awasungire nsomba zikuluzikulu. Akuluakulu anali atasonyeza kale malo oti amalume adzamangepo nyumba. Ine kusukulu ndinali nditalengeza kuti kukubwera nsapato zofiira, njinga, ndi wailesi yamakaseti awiri. Za nsapato zokha zinali zoona, chifukwa amalume anapempha amayi kuti ajambule phazi langa papepala n'kuwatumizira. Zinazo ndinathira mchere ndekha. Aphunzitsi anangoti ndikakaiona ndegeyo ndidzafotokozere kalasi yonse.

Tinapita kukawachingamira ku Lilongwe pa pikapu ya mkulu wina wa mpingo wathu, ine ndi amayi. Pabwalo la ndege anthu ankatuluka akukankha tingolo todzaza masutikesi, ndipo aliyense wa katundu wambiri ndinkati ndi ameneyo. Amalume anatuluka pomalizira penipeni. Anali munthu wamfupi, wa imvi m'mbali mwa makutu, atavala suti yabwino ndithu, koma sutikesi inali imodzi yokha. Ndi dzanja linalo anali atakumbatira kabokosi kaja. Amayi anawagwira mapewa akulira, kenako anasuzumira pachitseko cha waya n'kudumpha chambuyo.

"Achimwene, n'chiyani chimenechi? Khoswe?"

Kanali kagalu. Sindinaonepo galu wochepa chotero, ngakhale mphaka wathu akanakagwetsa. Maso ake anali otong'oka, makutu otambalala ngati a mleme, timiyendo ngati tizitsotso, ndipo kankanjenjemera ngakhale kunja kunali kotentha. Kanali ndi kabuku kakekake ka zidindo za katemera, ndipo n'chifukwa chake amalume anachedwa kutuluka. Amayi, amene mpaka kumwalira kwawo sanakhalepo ndi pasipoti, anatembenuza kabukuko uku ndi uku n'kubweza. Katundu wina yense, anatero amalume, akubwera pambuyo pa lole.

Anatsegula chitsekocho n'kuitana m'Chitonga, "Kande, za kunu." Kagaluko kanatuluka n'kuthamangira pamapazi pawo. Atakauza kuti kakhale pansi kanakhala, atakauza kuti kapereke moni kanakweza mwendo, zonsezo m'chilankhulo cha kwathu. Dzinalo linali la doko limene iwo ndi amayi ankasambako ali ana. Anatiuza kuti anakalera okha kuyambira kali kakhanda, zaka zisanu ndi zinayi, m'kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba ya abwana, ndipo azunguwo posamuka anawasiyira. Ine ndinaseka kwambiri kuti galu wa ku Joni akumva Chitonga.

Vuto linayamba pokwera galimoto. Mkulu wa mpingo uja ananena mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti kutsogolo kuja kumakwera abusa, ziweto malo ake ndi kumbuyo. Amalume anati palibe kanthu, akhala kumbuyoko iwowo ndi galu wawo. Apa amayi anakana kwamtuwagalu. "Zaka zonsezi muli kunja, mukalowe m'mudzi muli kumbuyo ngati thumba la makala? Mukufuna anthu akatiseke?" Anakangana pang'ono, amalume n'kugonja. Anakhala pakati, amayi kuchitseko, ine kumbuyo ndi sutikesi ndi kabokosi.

Asanakwere anandipatsa botolo la madzi ndi kambale kachitsulo kokulungidwa m'mpango. Mawu awo ndimawakumbukira onse, chifukwa anali ochepa. "Muphwa, galimoto ikaima uzimuthirira madzi pang'ono. Ndipo usamufunditse kanthu, azipuma mphepo." Muphwa ndi mmene munthu amaitanira mwana wa mlongo wake, ndipo kanali koyamba kuti wina andiitane choncho. Ndinati chabwino, asibweni.

Mpaka ku Salima zonse zinayenda bwino. Kumeneko amalume anatsika, anakamwetsa okha, anapukuta kambale n'kukakulunganso m'mpango muja, n'kumanga mfundo yawo yolimba. Titangonyamuka, mkulu wa mpingo anayamba kunyamula matola, poti galimoto siibwerera yopanda kanthu. Anakwera azimayi anayi a madengu a tomato ndi abambo awiri. Mmodzi wa azimayiwo anandifunsa kuti m'kabokosimo muli chiyani, ndipo ine ndi mtima wonse ndinayankha kuti ndi galu wa amalume, wachokera ku Joni pa ndege.

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Wina anati, "Galu pa ndege! Ine mwana wa munthu ngakhale ku Lilongwe sindinafikeko." Wina anati, "Ndiye akubweretserani msuweni?" Mmodzi wa abambo aja anagwedeza mutu n'kuti, "Atonga inu mwafikapo, mpaka galu pasipoti." Anandifunsa ngati kamadya ndi foloko, ngati ndizikachapira zovala, ngati amalumewo ali ndi mkazi kapena mkazi wake ndi ameneyu. Anthuwo sanali oipa, ankangofupikitsa ulendo. Koma ine manyazi anandigwira. Ndinali nditayembekeza kubwerera kwathu ngati mwana wa anthu olemera, ndipo apa ndinali mlonda wa khoswe. Ndinakankhira kabokosiko pakona, kuseri kwa sutikesi, n'kukokerapo lona wakuda wofunditsira katundu. "Si kanga," ndinatero.

Poyamba kanalira timawu tating'ono, kakukanda chitseko. Kenako ndinkangomva kupuma kwake kofulumira pansi pa lonayo. Phula linkanyezimira kutsogolo ngati pathiridwa madzi, chitsulo cha galimoto chinkandiwotcha ntchafu kudutsa diresi, tomato anayamba kununkha kupsa. Ku Nkhotakota amalume anagogoda pagalasi la kumbuyo. Pakona paja sankatha kuonapo chifukwa cha madengu, ndiye anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu kuti zonse zili bwino. Ku Dwangwa, m'kati mwa fungo la nzimbe, anaweramira pawindo la amayi n'kufuula kufunsa ngati wamwa madzi.

"Wamwa, asibweni. Wagona."

Nthawi zambiri ndayesa kudzikhululukira ponena kuti ndinali mwana. Koma mwana wa zaka khumi ndi chimodzi ludzu amalidziwa bwino, ndipo ine ndinali nalo tsiku limenelo. Theka la madzi aja ndinamwa ndine. Chimene chinkandiletsa kuvundukula lonayo chinali chimodzi chokha, kuti azimayi aja andiona ndikutumikira galu n'kuyambiranso kuseka. Pamene womaliza ankatsika, pansi pa lona panali patakhala chete kalekale, ndipo tsopano ndinkaopa kuyang'anapo. Tikudutsa pa Kande ndinakhuthulira pamsewu madzi otsalawo kuti botolo lioneke lopanda kanthu.

Tinafika dzuwa likadali lamphamvu. Pakhomo panali anthu ngati pa ukwati, azimayi akuimba, nthungululu zili pakamwa. Amalume sanapereke moni kwa aliyense. Anangotsika n'kuzungulira kumbuyo kwa galimoto, anaona lona, anamuchotsa pang'onopang'ono. Kagaluko kanali katagona cham'mbali, lilime lili panja. Anakatulutsa, anakaitana dzina kawiri, anakaika khutu pachifuwa. Kenako anakafungatira m'jekete, anakhala pansi m'fumbi ndi suti yawo ija, n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana.

Kwathu munthu amene maliro anachitika iye ali kutali, akafika amayamba walira pakhomo, abale n'kumuthandiza kulirako, kenako amamuperekeza kumanda. Ndiye azimayi aja ataona mlendo wakhala pansi akulira, anadziwa chochita. Nyimbo zija zinatha, anakhala pansi momuzungulira n'kuyamba kubuma, akutchula dzina la agogo. Amayi nawo anagwa pansi akulira mayi awo. Kwa kanthawi ndithu mudzi wonse unalira kagalu osadziwa, ine ndili chiimire pamwamba pa pikapu ndi botolo lopanda kanthu m'manja. Kenako mayi wina amene anali pafupi anaona timiyendo tikutuluka m'jekete muja. Ananong'oneza mnzake, mnzakeyo wina, ndipo kulira kunazima mmodzimmodzi mpaka anatsala amalume okha. M'kachetechete mmenemo wina ananena mosabisa mawu, "Amayi ake sanawalire, akulira galu."

Amayi anadzuka, anasasa fumbi pachitenje n'kulowa m'nyumba. Nsomba zija zinadyedwa anthu atazolika. Atafunsa chimene chapha galuyo, mkulu wa mpingo anati ndi ndege imeneyo, tinyama totere sitipirira mumlengalenga. Onse anavomereza, ndipo ine ndinavomereza kuposa onse. Palibe anafunsa za lona.

Amalume anakakwirira okha pansi pa mtengo wa mango, atakakulunga m'malaya awo oyera. Kwathu galu akafa amangomukokera kutchire, choncho imeneyinso inakhala nkhani yokambirana pachitsime. Kumanda kwa agogo anapitako mawa lake. Anaimako nthawi yaitali chipewa chili m'manja, koma misozi sinatuluke, ndipo anthu anaziona zimenezo.

Masabata otsatira anali owawa. Anawapatsa dzina loti Bambo a Galu. Akamadutsa padoko pomwe amayanika usipa, ana ankauwa kumbuyo kwawo, iwo osacheuka. Lolemba lake aphunzitsi anandiimika kutsogolo kuti ndifotokoze za ndege monga tinapanganirana. Ndisanatsegule pakamwa wina anauwa kumbuyo kwa kalasi, onse n'kufa nazo. Ndinaona kuti njira yopulumukira ndi imodzi, kuseka nawo. Za ndege sindinanene chilichonse. Ndinakhala pansi pasimenti, ndinafungatira chofufutira bolodi m'malaya, n'kuyerekeza mmene amalume ankalirira. Kalasi inagwedezeka ndi phwete. Aphunzitsi okha sanaseke. Anangondiyang'ana n'kuti, "Kakhale pansi." Pa zonse zimene ndinachita nyengo imeneyo, ichi ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri, kuposanso lona uja.

Lole inafikadi patatha masabata atatu. Munali mabulangete, masuti, mapoto, nsalu za azimayi onse a pabanja, ngakhale mayi uja ananena mawu aja analandira yake n'kuvina nayo. Munalinso nsapato zofiira. Zinandikwana ndendende, ndipo ndinazivala, ndisaname. Anthu anayamba kuwaitana amalume ndi ulemu, koma iwo pamalo anawasonyeza paja sanakumbepo ngakhale maziko. Ankakhala pansi pa mango paja akusenda ndodo ndi kampeni. Mvula yoyamba isanagwe anauza amayi kuti akubwerera ku Joni, ulendo uno pa basi. Amayi anawachonderera masiku awiri, koma sizinathandize.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anandiitanira kuseri kwa khitchini. Kabokosi anati asiyira amayi. Ine anandipatsa kambale kachitsulo kaja, kakadali m'mpango wake. "Uzimwetseramo anapiye, muphwa. Tinthu tating'ono sitichedwa kumva ludzu." Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza kuti yewu, asibweni. Anandigwira pamutu n'kupita kumsewu. Basi itapita ndinafuna kumasula mpangowo, koma mfundo inali yolimba moti ndinachita kuluma ndi mano. Inali mfundo yawo ija ya ku Salima. Anaipeza chimangire tsiku lomwe tinafika, ndipo anakhala nafe masabata onse aja, akudya nane pamphasa imodzi, akundiona ndikuyenda ndi nsapato zawo, osauza munthu.

Sanabwerenso. Anamwalirira komweko ine ndili ku sekondale, ndipo mawu opepesa amene ndinkati ndidzawalembera ndikadzakula sanalembedwe.

Za mfundo ija ndinazimvetsa tsiku lomwelo, ndipo ndinakabisa kambaleko kudenga. Chimene chinandikanika nthawi imeneyo chinali china. Sindinkamvetsa kuti bambo wamkulu wa imvi, amene sanagwetse msozi pamanda a mayi ake, angakhale pansi m'fumbi chifukwa cha kanthu kochepa kuposa mphaka. Ndinkakumbukira kuti kankamva Chitonga, ndipo ndinkaona ngati n'zoseketsa basi. Sindinadzifunse kuti galu wobadwira ku Joni Chitongacho anachiphunzira bwanji, kapena kuti m'kachipinda ka kuseri kaja, zaka zisanu ndi zinayi zonse, amalume chilankhulo cha mayi awo ankachilankhula ndi yani.