Mafuta a Zitumbuwa mu Mfuti ya Abambo

Mfuti inalowa m'nyumba mwathu chaka chimene amuna anga, abambo a m'nyumba muno, analandidwa katundu ndi achifwamba pamsewu wotsikira ku Lisungwi. Iwo amagula mbatata ya kachewere ndi manachesi kumapiri kuno n'kukagulitsa ku Blantyre. Atapola mabala anayenda maulendo ambiri kupolisi mpaka anapatsidwa chilolezo, ndiye anakagula kamfuti kakang'ono kusitolo ina m'tauni. Ine ndinkati Mulungu amene anawapulumutsa tsiku lija ngokwanira, koma munthu amene waonapo zikwanje sumutsutsa kwambiri.

Lamulo linali limodzi: "Amayi, chinthu ichi musachikhudze." Kankakhala m'sutikesi, zipolopolo kwina. Koma sutikesiyo ndi yomwe tinkasungamo zovala za kutchalitchi, ndiye kiyi wake ndinkamudziwa.

Ndivomere, kankandichititsa chidwi. Pakati pake pali kagudumu ka mabowo olowetsamo zipolopolo, ndipo ndinawaonapo akukazunguza, kakulira tche, tche, tche, bowo lililonse likuima ndendende kuseri kwa paipi yotulukira chipolopolo. Ndinkadzifunsa, kodi kamadziwa bwanji poima? Makina anga osokera ndimawamvetsa, koma aka ayi.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, chifunga chitakhala sabata yathunthu, ndinatulutsa zovala kuti ndiyanike. Pansi pake ndinaona kamfuti kaja kali ndi timadontho ta dzimbiri. Kuno chitsulo sichichedwa kudyeka, ndipo mankhwala ake aliyense amawadziwa. Mafuta otsala pokazinga zitumbuwa sititaya. Timapaka makasu, mahinjesi a chitseko, tcheni cha njinga. Ndinasuzumira m'mabowo onse, ndinaona kuwala, munalibe kanthu. Ndinatenga nthenga ya nkhuku, ndinaviika m'mafuta, n'kupaka paliponse pomwe nthenga ikanalowa. Kagudumu kanazungulira mofewa kuposa kale. Ndinakazunguza mwina kakhumi, basi chifukwa chofuna kumva kulira kuja, kenako ndinabwezera ndikuthokoza Ambuye kuti ndathandiza.

Patapita miyezi, abambo anatulutsa kamfuti kaja kuti apukute, ndipo anapeza kagudumu kakukakamira. Nthawi zina kankaima pakatikati, bowo lisanafike pa paipi. Anakalipira anthu opanga mfuti masana onse, akuti amatigulitsa zotsalira. Ataimba foni kusitolo kuja anauzidwa kuti abweretse pamodzi ndi kalata ya kupolisi, iwo akatumize kwa eni ake amene anaipanga kunja. Koma zimenezo ndi za miyezi yambiri, pomwe nyengo yokumba mbatata inali pakhomo.

Ndinali nditaona momwe mafuta aja amaumira pachivundikiro cha botolo, n'kumata ngati ulimbo. Ndinadziwa kuti wolakwa ndine, koma ndinabisa.

Abambo ali ndi msuweni wawo wokonza njinga ku Lisungwi, munthu amene amati palibe chitsulo chomukanika. Loweruka masana anafika ndi thumba lake la zipangizo, anakhala pakhonde, anatembenuza mfuti uku ndi uku.

"Asuweni, mukufuna kutumiza kutsidya kwa nyanja kanthu aka? Inu ndi aja amapita kuchipatala chifukwa cha thekenya. Kachitsulo kokankha gudumu kanenepa, basi. Ndipala pang'ono ndi tupa, mukayesere pachulu paja."

"Pala, koma usandichitire ngati njinga yanga ija unaibweza ilibe mabuleki," anatero abambo.

Ndinali nditabweretsa tiyi. Ndinafunsa, poyamba chifukwa chongofuna kudziwa, "Kodi alamu, munthu akawomba bowo lisanalunjike pa paipi, chimachitika n'chiyani?"

"Chipolopolo chimasowa njira, alamu. Chimadziboolera yake." Anaseka.

Ine sindinaseke. Ndinayang'ana dzanja lamanja la abambo lili pa kapu, dzanja lonyamula matumba, lomwe linanyamula ana athu onse paubatizo. Tupa inali itatuluka kale m'thumba, kukapala chitsulo chopanda mlandu. Mumtima ndinati, Ambuye, manyazi ndiwapirira, nditsegulireni pakamwa.

Ndinagwada, ndinanena zonse, mpaka za nthenga.

Alamu anaika mfuti pamphuno, ananunkhiza, n'kugwa chagada ndi phwete. "Asuweni! Mfuti yanu ikununkhira zitumbuwa! Akuba akabwera muziwafunsa ngati akufuna ndi tiyi yemwe!"

Abambo sanaseke, sanakalipenso. Alamu anati ndiye zaphweka, angotsuka ndi parafini.

"Ima kaye," anatero abambo. "Pompano umafuna kupala chitsulo. Unatsegulapo yotere?"

Alamu anakanda kumutu. "Ya mtundu uwu weniweni ayi."

"Nanga tidziwa bwanji kuti ndi mafuta okha? Amayi akuti anazunguza kakhumi. Ndikuwadziwa ine, kanali makumi asanu."

Lolemba abambo anapita kukatenga kalata kupolisi, ndipo mfuti inabwerera kwa eni ake. Ndinawapempha kuti akanene zoona za mafuta, anthu aja asavutike kufufuza, ndipo anakanena. Chaka chimenecho mbatata anapita nayo masana okhaokha, pagulu ndi anzawo, ine ndikupemphera mpaka foni italira kuti afika.

Mfuti inabwera mvula itatha, ndi kabotolo ka mafuta ake enieni, opyapyala ngati madzi. Abambo anagula kabokosi kachitsulo, kiyi amayenda naye. Koma tsiku loyamba anandiitana, anachotsa kagudumu, n'kundionetsa kachitsulo kakang'ono kamene kamatumphira m'timipata kuti gudumu liime. Eti kanthu kochepa ngati njere ya mpunga! Anandilozera ndi chala cha dzanja lomwe lija, zala zonse zisanu zilipo.

Mpaka pano ndikamakazinga zitumbuwa amasuzumira kukhitchini. "Amayi, otsalawo apite kukhasu."