Tchire la a Sapuma

A Sapuma adabadwa pa 9 Juni 1951, ndipo amayi awo ankati tsiku lokhalo ndi limene dzuwa lidawatulukira ali chigonere. Dzinali adawapatsa ndi anzawo olima nawo moyandikana, ndipo lidawakhala ngati malaya oyeza kwa telala. Munda umene bambo awo adawasiyira udali wa miyala, wotsetsereka, wa dothi lofiira losayamika. Komabe munthu akamadutsa pamsewu ankauona ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera oyendera: mizere yowongoka, miyala younjika bwino m'malire, udzu uliwonse womera popanda chilolezo n'kuzulidwa usanaone dzuwa kachiwiri.

Kuseri kwa miyalayo kudali munda wa alamu awo, mlongo wa akazi awo, amene aliyense ankawatcha a Zamawa. Kuutcha munda n'kungowalemekeza. Lidali tchire la minga ndi ziyangoyango limene ngakhale mbuzi zinkalowamo moodira. A Zamawa ankalima kachigawo kofanana ndi mphasa pafupi ndi khonde, ndipo kotsalako ankati akupumitsa nthaka. Nthakayo idayamba kupuma mu 1983.

M'mawa uliwonse a Sapuma akamadutsa, khasu lili paphewa, ankafunsa ngati mikango yagona bwino m'dimbamo. A Zamawa, ali pampando wa ndalema, ankayankha kuti yadzuka ndithu ndipo ikupereka moni.

"Tsiku lomwe mudzakhale pansi, alamu, mudzanditumizire uthenga. Ndidzaitana wojambula," ankawonjezera a Zamawa.

Zinthu zidayamba kupindika mu 2009, pamene chiuno cha make Namwino, akazi awo a Sapuma, chidayamba kukana. Ankatchedwa choncho chifukwa mwana wawo mmodzi yekhayo ndi namwino ku chipatala chachikulu cha m'tauni. A Sapuma adawonjezera pa khasu mtsuko, beseni lochapira ndi mbaula, ndipo popeza manja ndi awiri okha, chigawo cha kumunsi kwa munda, cha kukhwawa, adachileka. Minga ya a Zamawa idadumpha malire ngati achibale omva fungo la nyama. M'zaka zochepa kumunsiko kudali tchire, ndipo a Sapuma akamapita kumunda ankatembenuzira nkhope kwina.

Namwino ankanena chimodzimodzi nthawi zonse akabwera: amayi akufunika kuonedwa ndi madokotala a mafupa sabata ndi sabata, ndipo ulendo wa pangolo pamsewu wa makolokoto ukuwaphwanya kuposa matendawo. Iye ankakhala m'chipinda chimodzi chalendi ndi ana atatu. Njira idali yogulitsa munda n'kupeza kanyumba pafupi ndi chipatala. Koma ogula akafika ankagogoda nthaka ndi chidendene, n'kumva mwala ukuyankha, n'kukumbukira kuti asiya mwana akudwala kunyumba.

Pa 17 Ogasiti 2013 wailesi idalengeza kuti boma lapatula ndalama zogulira malo onse amene mumakhala kambalame kena kamene katsala pang'ono kutheratu pa dziko. N'kakang'ono ngati chala chachikulu, kotuwa, kokhala ndi kadontho kofiira pakhosi, ndipo kamamanga chisa m'minga ya m'malo a miyala basi. A Sapuma ankakadziwa. Adakhala akukagenda moyo wawo wonse osadziwa kuti ndi wachibale wa boma. Boma lomwelo, limene mlatho wa pakhwawa lidaulonjeza mu 1994, lidatumiza galimoto sabata isanathe. Mudatuluka mayi wa ku unduna, wochepa thupi, wa chipewa chachikulu, amene adayang'ana kumunsi ali pamsewu pomwepo nati oyendera adzafika pa 2 Seputembala kudzaona minda iwiriyi.

Galimoto itapita, a Sapuma adatsikira kukhwawa n'kuliyang'ana tchire lija ndi maso a mlendo. Thukuta la manyazi lidawatsika. Ndani amapita ndi mbuzi kumsika nkhupakupa zili mbwee? Tsono wogula wake ndi boma, la nsapato zopukuta, lodzayenda m'minga yofika m'khosi?

Make Namwino adagwirizana nazo ali pamphasa. "Boma lisadzanene kuti ndinakwatiwa ndi mlesi, bambo. Mlesi m'banja mwathu tili naye kale mmodzi, watikwana."

A Sapuma adagwira ntchito imene anthu amaikambabe. Adadula, adazula zitsa, adaunjika, adatentha, phulusa n'kulisalaza ndi chokokolera zinyalala. Mwa chifundo chawo adapita kwa alamu awo kukadzipereka kuti awalambulireko ngakhale kanjira, banja lisachite manyazi pamaso pa alendo. A Zamawa adathokoza kwambiri nati adzayambe mawa.

Pa tsikulo a Sapuma adavala jekete la pa ukwati wa Namwino. Mayi wa ku unduna adabwera ndi bambo wina wa ndevu, wokoleka zoonera patali m'khosi. A Sapuma adawatsogolera monyadira mpaka kukhwawa, kumene kudali mbee ngati pachikhatho.

"Tchire lija lili kuti, bambo?" adafunsa mayiyo.

"Musade nkhawa, mayi, ndathana nalo. Muyende momasuka, simuponda munga ngakhale umodzi."

Bambo wa ndevu adangokhala pamwala, n'kuvula chipewa ngati wafika pamaliro. A Sapuma adaganiza kuti watopa ndi phiri, namupatsa madzi.

Kwa a Zamawa oyenderawo adalowamo chokwawa. Adatulukamo dzuwa litapendeka, mathalauza ali nyankhalala, mikono ikutuluka magazi, nkhope zikuwala ngati anthu ochokera ku phwando. Adagwira chanza a Zamawa ndi manja awiri, a Zamawa osadzuka n'komwe pampando.

Boma lidagula tchire la a Zamawa pa 28 Febuluwale 2014. Padamangidwa tenti, padabwera zokuzira mawu, ndipo mkulu wina wa tayi adauza khamu kuti bambo awa, kwa zaka makumi atatu, adadzimana zokolola pofuna kusungira mtundu chuma chake. A Zamawa adagwedeza mutu modzichepetsa, ngati munthu amene chinsinsi chake chaululika. A Sapuma adaomba nawo m'manja, popeza adawakhazika kutsogolo monga achibale. Mwezi wotsatira a Zamawa, munthu amene chibadwire sadadwalepo ngakhale chimfine, adagula nyumba ya malata moyang'anana ndi geti la chipatala chachikulu.

Mayi wa ku unduna, pochita chisoni, adawanong'oneza a Sapuma kuti pakapita zaka kudzakhala gawo lachiwiri la kugulaku. Angolisiya tchire limere, kambalame kadzabwerera.

Umo ndi momwe a Sapuma adayambira ntchito yolemetsa kuposa zonse zimene adagwirapo. Chikwanje ndi nkhwangwa adazipereka kwa akazi awo kuti azigonera kunsi kwa matiresi. Kumtunda ankalima kokwanira kudya, akafika pamalire n'kupisa manja m'matumba ngati mwana woletsedwa kutola shuga. Mvula yoyamba itagwa, timinga titatulutsa mitu, m'manja mudayamba kuwayabwa mpaka kusenda khungu. Ukali wonse adauthira pabwalo la nyumba, limene adalisesa kufikira mizu ya mtengo wa mango idaonekera. Adaonda. Anthu ankafunsana ngati wodwala m'nyumbamo ndi mayi kapena bambo.

A Zamawa ankabwera mwa apo ndi apo pa njinga yamoto yahayala, atanenepa m'khosi, kudzaona mlongo wawo ndi kudzapereka uphungu. Ankaima pamalire n'kupukusa mutu ngati mlangizi, amvekere pano pakuoneka kuti padutsa dzanja la munthu.

"Ndinangozulapo kamodzi," adavomera a Sapuma.

"Mwaona? Ulesi si masewera, alamu. Umafuna kuuyamba uli mwana. Inu mwauyamba mochedwa, ndiye muzilimbikira."

Zaka zidapita, minga ikukwera, make Namwino akutsika: kuchoka pa ndodo imodzi kufika pa ziwiri, kuchoka pa ziwiri kufika pampando umene amuna awo ankaunyamula kuutsatiza mthunzi. Sankadandaula. Ankangofunsa madzulo alionse ngati alendo aja afika kumunsi.

Adafika pa 11 Okutobala 2018. A Sapuma adamva kambalame kaja kakulira, kamawu kosasangalatsa ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo adathamanga kukwera phiri kukauza akazi awo ngati kuti Namwino wabereka mapasa. Oyendera adabwera pa 6 Novembala. Mayi uja adali atakwezedwa, thupi litadzaza, galimoto itakula. Wa ndevu adalowa m'tchire natulukamo akunjenjemera ndi chimwemwe: zisa zidali zochuluka kuposa za m'malo amene boma lidagula ndi kutchinga ndi waya.

Adakhala pakhonde, pafupi ndi mpando wa make Namwino. Mayiyo adayamikira nthawi yaitali, ndipo a Sapuma, amene adagulitsapo mbuzi zambiri, adadziwa kuti wogula akachulukitsa kuyamikira m'thumba mulibe kanthu. Kenaka mayiyo adafotokoza mofatsa kuti malamulo a gawo lachiwiri ndi osiyana. Ndalama zachepa, choncho boma likugula malo okhawo amene kambalame kali pangozi. Pano kali m'manja abwino.

"Manja ake ati?" adafunsa a Sapuma.

"Anuwa, bambo. Anthu onse akanakhala ngati inu, bwenzi boma lisakuwononga ndalama."

A Sapuma adayang'ana manja awowo, kenaka adafunsa chimene chingachitike atatenga chikwanje mawa m'mawa kuti kambalameko kakhale pangozi monga malamulo akufunira. Wa ndevu adayankha msanga kuti tsopano poti zisa zapezeka, kudula ngakhale nthambi imodzi ndi mlandu wa ndende.

"Nanga mayiwa?" adafunsa a Sapuma akuloza akazi awo.

Mayi wa ku unduna adayang'ana make Namwino ndi chisoni chenicheni, nati zimenezo ndi za unduna wina. Asanakwere galimoto adawasiyira a Sapuma kapusi yobiriwira yojambulidwa kambalame kutsogolo.

Nkhani itafika m'tauni, a Zamawa adatumiza mawu kudzera mwa Namwino kuti kuseri kwa nyumba yawo kuli chipinda chosungiramo matumba, ndipo matumbawo angathe kusuntha. A Sapuma adati bola kufa. Adati sangakagone m'nyumba yomangidwa ndi minga, kumadzuka m'mawa n'kumapereka moni kwa munthu amene sadziwa kulemera kwa khasu. Adayankhula mpaka malovu kuuma, akazi awo akungomvetsera.

"Mwatha, bambo?" adatero make Namwino. "Manyazi anu ndawalemekeza chikwatiwire. Tidawawotchera tchire limodzi, inu ndi ine. Koma mafupa angawa sadziwa manyazi. Ine ndikupita kwa achimwene, inu mukhoza kutsala muzilondera mbalame za boma."

Pa 19 Januwale 2019 Namwino adabwera ndi kagalimoto kahayala. Adakweza bedi, mapoto, mpando ndi amayi ake. A Sapuma adakwera kumbuyo pomalizira, atakhalira mtolo wa zofunda, nafika m'tauni.

Akukhala kumeneko mpaka lero. Lachiwiri lililonse a Sapuma amakankha njinga ya olumala kuwoloka msewu, n'kudikira pabenchi la chitsulo kunja kwa chipinda cholimbitsira mafupa. Pa 3 Disembala 2019 make Namwino adadzuka okha, atagwira chitsulo choyendera, nayenda kuchoka pabedi kukafika pakhomo. Namwino adalira. A Zamawa, amene adabwera kudzaonerera poti mtunda wake ndi wongowoloka msewu, adalandira mlongo wawo pakhomopo.

"Achimwene," adatero make Namwino akupuma mwabefu, "pakadapanda inu."

A Zamawa adati si kanthu, munthu amangochita zimene angathe. A Sapuma adali kumbuyo, atanyamula chikwama ndi nsapato za akazi awo.