Giya Yomwe Agogo Anabwezera

Ndikamva fungo la oyilo wopserera, ngakhale pa depoti ya basi, ndimaona agogo a Kachingwe atawerama m'shedi yawo ku Bolero, magalasi atatsetserekera kunsonga ya mphuno, injini ya dizilo ikugunda kuseri kwa khoma, lamba akuwomba phaphapha, tizitsulo topotanapotana tikugwera pansi tili totentha. Makina awo anali osemera zitsulo. Ankagwira chitsulo n'kumachizunguza, kampeni kolimba n'kumachisenda pang'onopang'ono mpaka chifike pa muyeso womwe agogo ankafuna. Anawagula pa esiteti ina ya fodya atangopuma ntchito, ndipo pomwe ankawagulapo makinawo anali kale achikulire kuposa bambo anga.

Kwawo kwa agogo kunali ku Ntcheu. Boma linawatumiza ku Rumphi akadali mnyamata kukakonza magalimoto, iwo n'kukwatira agogo NyaGondwe, basi osabwereranso. Zaka zonsezo Chitumbuka chawo chinathera pa “monire” ndi “yewo”, moti ana a m'mudzi ankawapatsa dala moni wautali kuti amve akusokoneza. Ine makolo anga ananditumiza kumeneko kuchokera ku Lilongwe ndili Sitandade 3, ndipo agogo aakazi atamwalira ndinatsala ndi agogo aamuna awiriwiri. Tsiku la maliro, alamu awo anawagwira dzanja n'kuwasonyeza malo pambali pa manda atsopanowo. Anawauza kuti ngakhale ndi obwera, anakhala nawo bwino, ndiye malo amenewo ndi awo. Agogo sanali munthu wolira pagulu, koma kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankatenga khasu kukalambula manda a akazi awo, n'kulambulanso malo opanda kanthuwo.

Ntchito yeniyeni inkabwera fodya akauma. Alimi a m'chigwa chathu cha Nkhamanga ankabwera ndi majeke odindira fodya otha mazinga, agogo n'kuwasemera mazinga atsopano. Miyezi ina inali ya eni zigayo ndi eni ngolo. M'shedi muja sipanala iliyonse inali ndi msomali wake, ndipo kuseri kwake kunali chithunzi chake chojambula ndi penti, kuti ikasowa khoma linene. Ku galaja ya boma anazolowera kusainira ngakhale bawuti imodzi, ndiye mawu awo anali akuti, “Chosalembedwa n'chakuba.” Tsiku lina ndinatenga kawaya pansi kuti ndimangire chikwama cha kusukulu. Sanandikalipire, anangondiitana ndi dzina lomwe ankandiserewula nalo ngati mdzukulu wawo, n'kundifunsa kuti, “Mkazi wanga, kawaya aka anakupatsa ndani?” Ndinakabweza ndikulira, kenako iwo anakatola n'kundipatsa ndi manja awiri.

Giya inathyoka mu Januwale, ndili Sitandade 7, zaka zija matipate atangokhazikika. Ndinali panja ndikutsuka mbale pomwe ndinamva kuti gwe, injini n'kuzimitsidwa. Giya yoyendetsa kampeni posema mazinga inali itagulula mano atatu. Popanda iyo makina ankazungulira ndithu, koma mazinga sakanatheka, ndipo mazingawo ndiwo ankatidyetsa. Agogo anapita nayo kowotcherera ku Rumphi boma, koma chitsulo chake chinali chosamva moto, chinangosweka pena. Anaboola n'kukhomera timisomali m'malo mwa mano, n'kutisalaza ndi tupa masiku anayi, koma timisomalito tinangogwira sabata imodzi. Ku Mzuzu anazungulira masitolo onse a zipangizo. Kulikonse ankawauza kuti za masiku ano ndi za mamilimita, pomwe makina awo anali a mainchesi, ndiponso kuti kampani yomwe inawapanga ku Mangalande inatsekedwa kalekale. Anabwera madzulo atanyowa ndi mvula, giya ili m'thumba la shuga, osafuna kudya.

Bambo anga anabwera kumayambiriro kwa Febuluwale. Anayang'ana giya, anayang'ana agogo omwe anali ataonda, n'kunena zomwe anabwerera. Anati sangathe kusamala makomo awiri, ndipo ngati makinawo sadzakhala akuyenda pofika nyengo yodinda fodya, adzabwera ndi galimoto kudzatitenga tonse.

“Ukanditengera ku Lilongwe, mtembo wanga udzalowera kumwera,” anatero agogo. “Abale anga a ku Ntcheu sadzalola kuti ubwerere kuno. Ukudziwa zimenezo.”

“Bambo, ndikukamba za moyo, inu mukukamba za maliro.”

“Pa msinkhu wanga ndi nkhani imodzi.”

Ndiulule pano, poti ndakula. Ine ndinkafuna Lilongwe. Ndinkafuna magetsi, mpopi wa m'nyumba ndi amayi anga, ndinali nditatopa ndi kuphika pa nkhuni zonyowa. Mumtima ndinkapempha kuti giyayo isapezeke.

Patapita sabata, mwini chigayo wina wa ku Mhuju anabwera ndi uthenga. Anati ku Nchenachena, pa fakitale ina ya khofi yomwe inagwa, kuli makina ofanana ndendende ndi a agogo, angokhala m'chinyumba chotseka. Loweruka lotsatira agogo sanapite kumanda. Anavala jekete, anaika masipanala atatu ndi giya yothyoka ija m'chikwama, ndipo poti sakanandisiya ndekha, ananditenga. Tinakwera matola mpaka ku boma, kenako lole ya matumba a feteleza yomwe inkatitimira m'matope pa chitunda chilichonse, amuna n'kumatsika kukakankha, ife akazi titafunda pulasitiki imodzi, nkhungu ikutsika m'mapiri mpaka nthochi za m'mbali mwa msewu osaonekanso.

Pa fakitale paja tinapeza mlonda, a Chirambo, mkulu wamfupi wovala chikhoti chong'ambika m'zigongono. Atamva nkhani yathu anatsegula loko popanda kufunsa zambiri. M'katimo munkanunkha ndowe za mileme, denga linkadontha, ndipo pakona panali makina aja, a dzimbiri pamwamba koma athunthu. Agogo anavula chipewa ngati alowa m'tchalitchi. Anatsegula chivundikiro cha m'mbali, anathira oyilo pa nati, anadikira pang'ono, n'kumasula. Giya inatuluka bwinobwino. Anaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, anawerenga mano ake kawiri ndi chala, n'kuigundanitsa ndi yothyoka ija. Zinali mapasa. Sindinawaonepo agogo akumwetulira choncho chimwalirire agogo aakazi, ndipo ine mtima unangoti zii, poti ndinaona Lilongwe akundithawa.

“Yewo, adada, ikani m'chikwama,” anatero a Chirambo. “Kuno kulije wowerenga. Mabwana anapita kale chomene, ine ndikulonda mileme basi.”

Agogo anafunsa kuti katunduyo ali m'manja mwa yani tsopano. A Chirambo anati kuli komiti ina ku Blantyre yomwe inapatsidwa ntchito yogulitsa za kampaniyo, koma chiyambire sanaonepo nkhope ya munthu wa komitiyo. Agogo anafunsa ngati pali wina pafupi woti n'kusaina kapepala. Panalibe. Anafunsa ngati a Chirambo angasaine okha, iwo n'kuseka, amvekere dzina lawo likapezeka papepala ndiye kuti adziitanira apolisi, koma giya ikangosowa mwakachetechete palibe adzadziwe.

Agogo anaiyang'ananso giya ija m'manja mwawo. Kenako anatulutsa kachitini ka girizi, anaipaka mbali zonse, anaibwezera pamalo pake, n'kumanga nati mpaka kulimba.

“Adada, mbewa ya manyazi inafera kuuna,” anatero a Chirambo.

“Ndamva, achimwene. Koma zaka makumi atatu sindinatulutsepo chitsulo pageti popanda pepala. Ndiyambe lero, mwana uyu akuona?”

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Akanadziwa zomwe mwanayo ankapempha mumtima, mwina sakanamuwerengera.

Kalata anailemba Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, m'Chingerezi cha kale chija chodzaza ndi ulemu, ataika kaboni pakati kuti atsale ndi yawo. Anafotokoza kukula kwa giya, kuchuluka kwa mano ake, mbali ya makina yomwe ili, n'kupempha kuti awagulitse pa mtengo uliwonse womwe komiti ione kuti ndi woyenera. Lolemba anakaiponya okha. Ndiye kunayamba kudikira. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankapalasa njinga kupita ku positi, n'kubwera ndi manja okha, amvekere kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula inayamba kuchepa, fodya anayamba kufiira m'zigafa, alimi anayamba kubwera ndi majeke pa ngolo. Agogo ankawalandira, kuwapatsa mpando, n'kuwauza kuti adikire pang'ono, chipangizo chili m'njira. Ena anadikira sabata, kenako anadzatenga majeke awo mwaulemu n'kupita nawo ku Mzuzu. M'shedi munangoti zii. Agogo ankalowamobe m'mawa uliwonse, kupukuta makina ndi kuthira oyilo m'timabowo take, ine ndikumva kuchokera kukhitchini kachitini ka oyilo kakulira kuti tyoko tyoko.

Kumapeto kwa Malichi analemba kalata yachiwiri. Pakati pa Epulo anati tipitenso ku Nchenachena, mwina yankho linafikira kwa mlonda. Ulendo uno msewu unali wouma, tinafika dzuwa lili pamutu. Chitseko cha chinyumba chija chinali chotsegula. Pakona paja panali mabawuti anayi otuluka mu simenti, ndi zidutswa zachitsulo zotuwa zomwazika ngati mbale yosweka. A Chirambo anatiuza kuti sabata yapitayo kunabwera lole ya anthu ogula zitsulo zakale pa sikelo, ali ndi pepala la chidindo lochokera ku komiti ija. Makinawo anawalemera kukweza, ndiye anawaphwanya ndi nyundo zikuluzikulu kuyambira m'mawa mpaka masana. Anati anayesa kuwapempha kuti asiyeko giya imodzi yokha, koma n'kuti mbali imeneyo ataiphwanya kale.

“Pepala anali nalo?” anafunsa agogo.

“Anali nalo, adada.”

“Ndiye palibe mlandu.”

Anawerama n'kuyamba kutola zidutswa zija chimodzichimodzi, kuzitembenuza, kuziponya. Pamenepo ndinalira, kulira kwenikweni, a Chirambo n'kumanditonthoza kuti ndisadandaule, agogo apeza ina. Sankadziwa kuti ndikulira chifukwa pemphero langa layankhidwa.

Bambo anabwera ndi galimoto mu Meyi. Agogo sanatsutse. Anapaka makina awo girizi, anawafunditsa lona, anapereka kiyi wa shedi kwa alamu awo, n'kupita okha kumanda ndi khasu, ife tikudikira m'galimoto. Ku Lilongwe anawapatsa chipinda chabwino ndi wailesi. Ankakhala pakhonde kuyang'ana mpanda wa njerwa, ndipo bambo akabwera kuntchito funso linali limodzi, ngati kwabwera kalata. Ine magetsi ndinawapeza, mpopi ndinaupeza, koma pakhonde paja ndinkadutsa mothamanga.

Kalata inafika mu Okutobala, itayenda kuchokera ku Blantyre kupita ku Bolero, alamu awo n'kuipatsira munthu wobwera ku Lilongwe. Maso a agogo anali atayamba kuchita khungu, ndiye anandiitana kuti ndiwawerengere. Inali ya mizere inayi. Komiti inkathokoza chifukwa cha kalata yawo ya mu Febuluwale, ndipo inali yokondwa kuwadziwitsa kuti pempho lawo lavomerezedwa, akhoza kukatenga giyayo kwaulere, angoonetsa kalatayi kwa mlonda.

Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Waona, mkazi wanga? Akanayankha msanga, zonse zikanayenda m'njira yake.” Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

Anamwalira chaka chotsatira, mvula isanayambe. Abale a ku Ntcheu anabwera usiku womwewo, nkhani ya ku Bolero sinatenge ngakhale mphindi khumi. Anati ndi kutali, ndiponso munthu amagona kwawo. Ali ku Ntcheu, pakati pa anthu omwe anasiyana nawo ali mnyamata, ndipo agogo NyaGondwe ali okha ku Nkhamanga. Makina aja bambo anadzawagulitsa kwa anthu a sikelo omwewo.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati agogo analakwa, ndipo yankho limasintha ndi zaka. Masiku ena ndimawakwiyira kuti anataya malo awo chifukwa cha kapepala. Masiku ena ndimaona kuti akanaika giya ija m'chikwama, amene akanagona ku Bolero akanakhala munthu wina, osati iwo. Panopa ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe, ndipo makalata a anthu amafikira pa tebulo langa. Anzanga amandiseka kuti ndimachita ngati ofesi ndi ya bambo anga, chifukwa sindiweruka kalata ya munthu isanayankhidwe, ngakhale yankho lake likhale lokana. Sindinawauzepo chifukwa chake. Ndimangodziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akupalasa njinga kupita ku positi.