Nandolo wa M'munda wa Eni

Ndinali nditagwira upolisi zaka zochepa pamene ananditumiza kufupi ndi Nsanama. Tsiku lina m'mawa, nyengo yothyola nandolo, anthu anabwera ndi amayi ena achikulire atawagwira mkono. Mwini munda anati anawapeza akuthyola nandolo wake n'kumaika m'nsalu, ndipo sikanali koyamba.

Mnzanga amene ndinali naye pa kauntala anakulira m'tauni, munthu wachangu pa ntchito. Anawafunsa dzina, mudzi, ndi chifukwa chobera. Amayiwo ankangosisita benchi, maso ali kukhomo. Mnzangayo anakweza mawu, nati asiye kudzipusitsa.

Ine maso amenewo ndinkawadziwa. Mayi anga ondibala, kwathu ku Rivirivi, anatha zaka zawo zomaliza mutu utasokonekera. Ankadzuka n'kumafunafuna abambo, amene tinawaika kalekale, ndipo tikawakalipira ankangoti duu. Wowasambitsa ndinali ine, mwana wamkazi mmodzi yekha, ndiye ndinaphunzira kuti munthu wotere sumufunsa uli chiimire.

Ndinavula chipewa n'kukhala pansi, pafupi ndi mapazi a amayi a nandolo aja. Ankang'ung'udza Chilomwe, chimene inenso ndimamvako pang'ono.

"Amayi, mwadzuka bwanji?" ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa yani?"

"Ndine wa ku Rivirivi. Nandoloyu mukupita naye kuti?"

"Ndikaphikire bambo ako. Ali kumunda, sanadye."

Ndinatembenukira kwa mwini munda uja, ndinamufunsa kuti mundawo kale unkalimidwa ndi ndani. Anawerama.

"Unali wawo," anatero. "Amuna awo atamwalira, ana anandisiyira ine."

Anthu amene anabwera akukuwa aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Tinatuma uthenga kumudzi, ndipo chakumasana mwana wamkazi wa amayiwo anafika pa kabaza. Anagwada pakhomo, akulira, nati wakhala akuwafunafuna kuyambira mbandakucha, tisawatsekere.

"Iyayi, mayi, dzukani. Pano palibe wotsekeredwa," anayankha mnzanga uja, ine ndisanatsegule pakamwa. Anapita yekha kukatunga madzi, n'kuwapatsa amayi achikulire aja ndi manja awiri. Mwini munda anati nandoloyo apite naye, ndipo mlandu sitinalembe.

Atachoka, mnzangayo anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndinamuuza za mayi anga, ndi kuti inenso ndinawakalipirapo kangapo ndisanamvetse. Iye anati kwawo sanakhalepo ndi munthu wokalamba pakhomo, ndipo kusukulu ya upolisi zimenezi sanazimve bwino.

Amayi aja anamwalira mvula isanagwe. Mwana wawo anatitumizira uthenga, ndipo tonse awiri tinapempha chilolezo n'kupita kumaliro. Tinakhala kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango, mpaka mwambo unatha.